Khutu Lobwereka

Inabwera pa ngolo kuchokera ku Khombedza
itagona chammbali ngati mbuzi yomangidwa,
Honda ya alangizi, yomwe inkazungulira minda ya thonje
ine ndisanabadwe.
Mwini wake, mayi Nachuma, anangoti,
"Inali ya bambo. Ndikufuna ndiimvenso ikulira."

Miyezi iwiri takhala nayo
pansi pa malata athu pa Kaphatenga.
Tinagumula zisa za mavu mu sefa ya mpweya,
tinakhutchumula thanki ndi timiyala ndi palafini
mpaka dzimbiri linatuluka
ngati madzi a Linthipe mu Januwale.
Pulagi imathetheka bwinobwino.
Koma ukaponda kiki imatsokomola kawiri,
kenako zii.

A Twaibu anati: masula kabuleta.

Ndinayala nyuzipepala,
zam'mimba zonse ndinazindandalika:
kachoyandama, singano,
kasipuling'i kokonda kuthawira m'fumbi,
tijeti tiwiri tosaposa njere ya chimanga.
M'kambale ka pansi, petulo wa zaka makumi awiri
anali atasanduka utomoni.
Jeti ya silo ndinaisuzumira kudzuwa:
mdima.
Chitsulo chonsechi, cholemera ngati matumba awiri a mpunga,
chogwidwa pakhosi ndi kabowo
koti nyerere singadutse.

"Usatokose ndi msomali!"
A Twaibu amayankhula mokuwa masiku ano.
"Bowo ukalikulitsa sulibwezanso."
Ndinasolola kaulusi kamodzi kamkuwa m'waya wamagetsi,
kutokosa monyengerera, kuuzira,
petulo kundiwawa pamilomo,
mpaka kadontho ka dzuwa kanaonekera.

Tinamanga. Kiki. Inalira!
Koma utsi wakuda tolo,
wa mandasi kutsidya kwa msewu kuyamba kulalata.
Pulagi inatuluka bii ngati kunsi kwa ketulo:
ikumeza kwambiri, ikupuma pang'ono.
Ndinatsitsa singano ndi kamzere kamodzi.
Apo inayamba kuombera kumbuyo, pha! pha!
pulagi mbuu ngati phulusa: njala.
Singano inalibe mlandu.
Kanali kachoyandama, kotseka mochedwa.
Tinakapinda kalilime kake
mlingo wa chikhadabo basi.

Patsala sikulu ya mpweya.
Apa m'pamene ndinazindikira chimene anandilembera ntchito.
Zaka makumi anayi za mainjini zinawadya makutu a Twaibu,
ndipo sanena.
Amaika chikhatho pa thanki,
dzanja lina lili pa sikuludiraiva,
maso ali pa nkhope yanga.
Akapotoza, ine n'kuchita tsinya, amabwerera.
Akapotozanso pang'ono,
pang'ononso,
nsidze zanga n'kumasuka, amasiyira pomwepo,
n'kunena mokuwa kuti onse amve,
"Wamva? Mverera bwino, mwana iwe. Umo ndimo."
Ine n'kuvomera.

Loweruka pulagi inali ya mtundu wa mtedza wokazinga.

Mayi Nachuma anatsika minibasi masana,
chikwama kukhwapa, choko akadali m'zala.
Ndinaponda kamodzi kokha.
Anaima. Anapendeketsa mutu.
Ndinkadikira misozi, kapena kuwomba m'manja.

"Ikuthamanga," anatero.
"Ya bambo sinkatero.
Akaima pa geti la sukulu kundidikira
inkachita ngati ikuzima,
ngati ikuzima,
koma osazima."

Buku likuti siyani pomwepo.
Ndinayang'ana a Twaibu, iwo anayang'ana ine,
kenako anayang'ana mayiyo,
chikhatho pa thanki,
n'kuyamba kubweza sikulu ya silo.
Du-du-du-du.
Du, du, du.
Du.
Du.

Mayiyo sananene kuti basi.
Anangoika chikwama pansi, pa oyilo pomwepo,
n'kukhala chammbali pa mpando wakumbuyo,
kutsogolo kulibe munthu,
dzanja limodzi lili m'malere
pamene pankakhala lamba wa bambo awo.

A Twaibu anachotsa sikuludiraiva.