Singano Yodzera Kumbuyo

Ine Sakina, telala wa pa Chiponde,
ndadya za singano zaka khumi ndi ziwiri.
Ulusi ndimaulowetsa ngakhale magetsi atathima.
Koma singano iyi idandidzera kumbuyo,
komwe maso anga safika.

Ambulansi idatsetsereka mapiri a Chowe ikulira,
mwana atapingasa m'mimba ngati mpiringidzo.
Tidawoloka Shire osaona n'komwe madzi.

Ku fiyeta kudali kozizira.
"Khalani tsonga, mayi. Pindani msana ngati mphaka.
Musagwedezeke."
Adatero bambo Mkwanda,
zala zawo zikuwerenga mafupa anga
monga ndimawerengera mabatani a malaya.
Koyamba singano idagunda fupa.
Kachiwiri idalowa.

Kutentha kudayambira kumapazi.
Miyendo yopalasa makina tsiku lonse
idasanduka matumba a simenti,
ya munthu wina, yobwereka.
Adaandiuza kuti dzanzi likaima pachifuwa.
Dzanzi silidamve.
Lidakwera monga madzi akwerera nsalu
yomwe nsonga yake yagwera m'beseni.

Mseru. Thukuta lozizira.
Nyerere m'zala za manja.
"Finyani dzanja langa."
Ndidafinya.
"Finyanitu, mayi."
Apo ndidadziwa.

Ndidafuna kunena kuti mpweya wandichepera,
mawu adaduka ngati ulusi wofumbwa.
Kamakina ka pambali kadasintha kulira.
"BP yatsika! Tsegulani diripi yonse!
Apendeketseni kumanzere!"
Ndidafunafuna shahada, lilime lili gone.
Chigoba cha labala chidandivundikira mphuno,
dzanja la bambo Mkwanda likufinya thumba,
finyu, finyu,
munthu wachilendo kundipumira
ngati wanyamula mtolo wanga pamutu pake.

Kenaka palibe.
Pamenepa nsalu ya tsikulo idadulidwa
ndipo chidutswacho sindidachipeze mpaka lero.

Podzidzimuka, mwana adaali atalira kale.
Kulira kwake koyamba adakumva ndi ena.
Azana adaamunong'oneza kale m'khutu amalume ake Twaibu.
Ine ndidangopatsidwa kamtolo ka m'chitenje,
kofunda, kakutafuna chibakera.

Mkucha wake mutu udabwera.
Ndikati ndidzuke ndiyamwitse,
wina n'kukhoma msomali kuyambira pankhongo
kutulukira m'diso.
Ndikagona chagada, zii, ngati ndimanama.
Anamwino a Nachisale adati
singano idasiya kabowo,
madzi a mumsana akudontha pang'onopang'ono.
Kabowo ka singano!
Kakadakhala pa diresi
ndikadakatseka tiyi asadazizire.
"Gonani, imwani madzi, imwani tiyi wakuda bii.
Katsekeka kokha. Kakakana, mutiuze."

Bedi loyandikana nalo lidali ndi alendo olankhula.
"Tidanena ife, jakisoni wa pamsana amalemaza.
Wa ku Katuli uja mpaka pano akukwawa."
Palibe adaamuonapo wa ku Katuliyo.
Ndidawayang'ana chogona,
mwana ali pabere cham'mbali,
mkaka ukutsikira kukhwapa.
Kuyankha kumafuna kudzutsa mutu,
ndiye ndidangokhala chete.

Tsiku lachinayi bambo Mkwanda adabwera,
maso ali psuu, atachezera ndi wina.
"Gwedezani zala za kumapazi."
Zidagwedezeka, zonse khumi.
Adaziyang'ana nthawi yaitali
kuposa mmene munthu ayang'anira zala.
"Mudatiopsa," adatero.
Ndidati, "Inunso."
Tidaseka, ine nditagwira pamimba.

Lero ndakhala pa makina koyamba.
Phazi lidayamba lakayika pa chopondera,
kenaka lidakumbuka.
Yunifolomu za sukulu zaunjikana,
eni ake akhala akufunsa.
Msana umandikumbutsa kukachita mitambo,
kapena ndi ine ndimaukumbutsa, sindidziwa.

Usiku posamba ndimaupapasa msoko wa pamimba.
Ngwokhota.
Kumanzere adakoka kwambiri,
zikuoneka kuti wosokayo adali pa liwiro.
Ntchito yotere kasitomala wanga akadabweza.

Fahadi watsokomola m'chipinda.
Ine sindibweza.