Ziwiri pa Zisanu

Mu fakitale yakale ya nsalu ku Łódź,
momwe makina oluka anatonthola kalekale,
Halszka waiwala khofi wake.
Akusanthula malangizo a chida cha katalogi ya malonda.

Adzawawerenge si munthu ayi,
ndi pulogalamu yanzeru ija, yomeza mawu osatafuna.
Safunsa anadya phula, inde,
nanga iyoyi ifunse yani usiku wa manda?

"Mtengo: nambala."
Basi.
Nambala ya chiyani? Mazloti? Magroshi?
Lachiwiri nsapato zachisanu zinalengezedwa
pa mtengo wa bulediyu,
anthu mazana atatu n'kudina dzuwa lisanafike paliwombo.

Tymoteusz, mlembi wake, akukweza mapewa:
"Zimenezo n'zodziwikiratu."
Halszka sakutsutsa. Alamula pulogalamuyo,
chotsa katundu amene watha.
Iyo yasesa sitolo yoyesera yonse, psiti,
n'kunena mwaulemu kuti ntchito yatheka.

Ziwiri pa zisanu.
M'mphepete akulemba: chitsanzo n'chimodzi, nacho n'chakale;
zikavuta, uthenga ukungoti "pepani."

Panja tramu ikukukuta njanji m'chipale chofewa.
Iye wabwerera pa mzere uja
kukaikapo mawu anayi
amene wina anawaona kuchepa.