Phungu Wopanda Dera

Ntchito yanga n'kutayipa zimene aphungu anena.
Lachitatu masana anaimirira Mayi Chimbalanga,
olowa m'Nyumba ya Malamulo mochita kuitanidwa,
amene nkhope yawo sinakhomedwepo pa jakaranda.

"Anakuvoterani ndani?" wina anakuwa kumbuyo.
Ndinatayipa: phokoso.

Iwo osacheuka. Anatchula Mufakose,
mipopi youma chiyambire Ogasiti,
ndi nkhalamba ya ku Mbare yobadwira pa famu ya fodya
imene chitupa chimaitchabe mlendo.
Mphindi zawo zinatha mawu ali m'kamwa.

Nduna inali pa foni.

Madzulo, m'kombi ya ku Kuwadzana,
zala zanga zinkagogodabe pabondo
kumalizitsa chiganizo chija.
Chitupa cha bambo anga chili m'chikwamamu.
Mawa ndikaimanso pamzere.