Osamwetulira

Kashopu kanga kali ku Yeoville,
pakati pa wometa wa ku Kongo
ndi mnyamata wokonza mafoni osweka.
Ndimajambula nkhope, ndimadzaza mafomu
a anthu ofuna kuwoloka nyanja.

Khalani apa. Vulani chipewa.
Makutu aoneke. Osamwetulira.

Lolemba kunalowa bambo wa ndevu zofiira,
galimoto ataisiya ikulira panja.
Pasipoti yake ndi zija zosagogoda,
zongokankha chitseko ndi phazi.
Kumene akupitako sakumufunsa viza,
kachilolezo chabe ka pa intaneti,
mtengo wake ngati wa nkhuku yowotcha ndi tchipisi.
Anadandaulabe. Akuti kale ankangonyamuka,
dziko laipa masiku ano.
Yankho linafika tiyi wanga asanazizire.

Lachiwiri anabwera Mayi Nankhwenya,
amene asita malaya a eni ake ku Sandton
zaka khumi ndi zinayi.
Mwana wawo, namwino kutsidya kwa nyanja,
wabereka mwana wamwamuna.
Anatula jumbo pa tebulo:
kalata ya abwana, ya ku banki, ya mwini nyumba,
ndi ya mwanayo, yoti awa ndi amayi anga enieni,
ndidzawadyetsa ndine.

Fomu ikufunsa, ndinatero,
muli ndi chiyani chokukokerani kubwerera?
Anayang'ana kudenga nthawi yaitali.
Lemba kuti ndili ndi manda a amuna anga ku Ntcheu,
ndi fuliji yomwe sindinamalize kulipira.
Ndinalemba fuliji.
Pa fomu yonseyo panalibe bokosi la manda.

Ndalama anaimasula pa nsonga ya mpango,
thukuta la miyezi iwiri, yopindidwa kanayi.
Ndinawawerengera timawu ta m'munsi,
tija amatilemba ngati nyerere:
mukakanidwa, ndalama siibwerera.
Iwo anati, koma abale,
ngakhale minibasi ikafera panjira
kondakitala amakubwezerako kenakake.

Kenako kudikira.
Loweruka lililonse ankatsika takisi pa Bree,
kukwera ina, kudzakhala pa benchi langa
akuluka juzi ya buluu.
Mwana akukula, ankatero,
n'kumasula mkono umodzi, n'kuyambiranso.
Juzi imeneyo inaphwasulidwa katatu.

Ine sindinawauze kuti pasipoti yanga
imagona m'dilowa, pansi pa malisiti,
kuti masiku amene anandiwerengera pa Beitbridge
ndimawasunga ngati machesi nthawi ya mvula,
kuti ndatumiza anthu mazana ku maiko a chisanu
koma ndege ndimangoionera kunsi kwa mimba
ikamatsikira ku Kempton Park.

Yankho linabwera sabata lachisanu ndi chimodzi.
Tsamba limodzi, lopanda dzina la munthu.
Sitinakhutire kuti mudzabwerako.

Ndinawerenga m'Chingelezi, kenako m'Chichewa,
ndipo m'Chichewa linapweteka kwambiri.
Sanalire. Anapinda pepalalo bwinobwino
ngati mmene amapindira malaya a abwana,
n'kupempha waifai.
Pa foni panatulukira kankhope konenepa,
kakunyambita galasi, dovu chuchuchu.
Iwe, anatero, iwe mlendo wosalipira,
unalowa bwanji m'dziko la eni wopanda chidindo?

Wometa uja anazimitsa makina ake kuti amve.

Atatha anandiyang'ana.
Zithunzi zija zidakagwirabe ntchito?
Ndinati mwina adzafuna zatsopano.
Ndiye jambula. Khirisimasi ndiyesanso.

Khalani apa. Mpango m'mbuyo pang'ono.
Makutu aoneke. Osa...

Foni inalira m'chikwama, kamwana kaja kakukuwa,
ndipo iwo anaseka, mano onse poyera,
ndi mpata wa dzino lomwe anachotsa ku Bara.
Chala changa chinali chitadina kale.

Chithunzi chimenecho palibe ofesi ingachilandire.
Ndinachitsuka kawiri.
Chimodzi anachikulunga m'juzi ya buluu,
yopita pa positi, poti juzi siifunsidwa
ngati idzabwerako.
Chinacho chili pakhoma, pamwamba pa mitengo ya ntchito zanga,
pafupi ndi chikwangwani chomwe ndinalemba ndekha:
Ngongole mawa.