Zolemba m'Mphepete

Bukuli ndinalibwereka ku laibulale ya ku Skipton
Lachiwiri, mvula ikuwaza ngati yochita kukakamizidwa.
Chikuto chomata ndi tepi, fungo la kabati yonyowa.
Buku loyamba la Hilda Thackrowe:
analilemba ali mtsikana, akugulitsa masitampa ku positi,
asanatchuke, asanaphunzire kubisa mpeni bwinobwino.

Wokonza mawotchi wafa m'shopu yake,
chitseko chokhoma, tiyi akadali wofunda.
Nkhani ndi yomweyo.

Ndimawerenga usiku, kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira,
pakati pa belu la chipinda chachisanu ndi mankhwala a mbandakucha.
Koma m'bukumo sindinali ndekha.

Tsamba 31, pensulo yopyapyala, zilembo zoweramira kumanja:
"Ndi mlamu wake. Ngakhale mwana angaone."
Pansi pake inki yabuluu, dzanja lolemera:
"Zikomo pondiwonongera sabata yonse, mfiti iwe."
Awiriwa sanaonanepo.
Ndinaganiza kuti mwina woyambayo anali kale m'manda
pamene mnzake ankamulalatira.

Tsamba 58, munthu wa njanji wapsa mtima:
"Sitima ya ku Carlisle siima pano nthawi imeneyo!"
Wadula mzere kawiri, pepala mpaka kubooka.
Munthu waphedwa, bambo, inu mukulira sitima?

Tsamba 104, tizilembo taudongo, topanda dzina:
"Poizoni ameneyu sapha msanga chotere."
Ndinadzuka kukaona ngati chitseko ndakhoma.

Kwina bwalo la kapu ya tiyi,
kwina tikiti ya basi ya ku Keighley yofufuma,
kwina mawu atatu okha: "Wapolisiyu amalongolola kwambiri."
Pamenepo ndinagwedeza mutu. Amalongololadi.

Itakwana folo koloko belu linalira.
Mayi Winifred Oddie, zaka makumi asanu ndi anayi,
tulo tinawathawa kalekale, amangoitana kuti aone nkhope.
Anaona chikuto m'thumba la yunifolomu yanga.
"Ha, ako ka Thackrowe!
Mabuku ake am'mbuyo mwake ali ngati mawotchi,
sataya mphindi, sakugwira pamtima.
Ili limatsimphina, koma lili ndi magazi."
Kenaka, akukoka bulangeti:
"Ndi mlamu wake. Ngakhale mwana angaone."

Ndinayang'ana kapepala kawo kosankhira chakudya cha mawa.
Phala, dzira, tiyi wopanda shuga.
Pensulo. Zilembo zoweramira kumanja.

Ndinamaliza bukulo kunja kukuyera.
Sanali mlamu.
Anali mnyamata wobweretsa mkaka, amene tonse tinamudutsa
monga timadutsira anthu obweretsa mkaka.
Nditawauza, sanaphethire n'komwe:
"Ndikudziwa. Wolembayo ndiye analakwitsa.
Anali mwana, sankawadziwa alamu."
Zaka makumi asanu ndi limodzi mlandu uli chitsekere,
iwo akadali pa apilo.

Ine changa chili pa tsamba 12.
Mtsikana wosesa, amene anapeza mtembo,
akusamba m'manja masamba atatu athunthu:
sopo, madzi ozizira, pansi pa zikhadabo, sopo kachiwiri,
wayiwala kuti wasamba, wayambiranso.
M'mphepete wina analemba: "Zotopetsa. Dumphani."
Mabuku otsatira Thackrowe anamvera,
mitembo yake anthu amaipeza n'kupita kukadya.

Koma ine ndatsekapo maso a anthu asanu ndi awiri m'nyumba muno,
ndamangapo nsagwada, ndatsegulapo zenera
monga amachitira kuno kuti mzimu upeze njira.
Sinki ya pakhonde lapamwamba imandidziwa.

Laibulale imaletsa, ndikudziwa,
ndipo mlendo sathyola lamulo pa dziko la eni.
Komabe ndinabwereka pensulo ya Mayi Oddie,
ndinalemba mopepuka, pansi pa wotopayo,
m'chinenero chimene wobwereka wotsatira sadzachimva:

"Ayi. Zimatenga nthawi yotere."