Kanyimbo ka pa Zenera la a Likaka

Kwathu ku Chikanda kulibe kanema.
Kanyimboko ndimachita kukaba pa zenera la a Likaka
seveni koloko, sewero lisanayambe.
Kafupikirenji! Ukati utchere khutu, katha.

Ndimathamanga nako kukamwa, ndikung'ung'udza,
osayankha moni panjira
kuopa kangatayike.

Gitala ndi ya malume, anaisiya chikole.
Nsambo yachinayi ndi waya wa buleki ya njinga,
imalira ngati ili ndi chimfine.
Poyambira ndinapapeza Lachiwiri.
Pakati, pamene kamakwera,
zala zimaterereka ngati pamatope a ku Mpondabwino.
Esinala akuti, "Achimwene, mukupha mbuzi?"

Masabata atatu. Matuza anaphulika, anauma.

Dzulo magetsi anathima chakumadzulo,
nkhungu itatsika m'phiri kudzakhala pamalata.
Ndinakhala pakhonde mumdima,
zala zikuyenda zokha,
ndipo pokwera paja ndinakwera.

Ana a a Likaka anatuluka pamasewera, liwiro,
"Ayaka! Ayaka!"
nkukapeza kanema ali zii.

Wamng'ono uja anabwera, nandiyang'anitsitsa.
"Ndiye sewerolo," akutero, "liyamba?"