Wopempha Pakhomo

Chisanu cha Juni chalowera pansi pa chitseko,
zala zauma pa mabatani a laputopu.
Kunja kuno ku Lizulu malole a mbatatesi akutsokomola utsi,
ine ndayang'anizana ndi pulogalamu ya kalabu ya alimi
imene ndinaimanga ndekha, monyada,
ndi njerwa zosaotcha.

Chigawo chilichonse chinkadzisulira khasu lake.
Cholemba malisiti chinkadzitsegulira detabesi,
chowerenga matumba nachonso chimodzimodzi,
ndipo chotumiza mauthenga
ndinachisokerera m'malo khumi ndi anayi
ndi ulusi wosamasuka.

Lachiwiri lija ndinkangoyesa chabe.
Pakati pa usiku mafoni mazana atatu analira
kuyambira ku Tsangano mpaka ku Mlangeni:
"Mwalandira K0. Zikomo."
Kutacha a Phungwako anatsika panjinga osapereka moni,
nandilozetsa foni yawo
ngati munthu woonetsa bala.

Ndaziona anaseka ali ku Dedza mpaka mayunitsi kutha.
Ataimbanso anati, "Ukufunika kontena."
Ine maganizo anathamangira ku ija yofiira ya pamsika
yogulitsiramo feteleza.
"Ayi, iwe. Waganyu sanyamula ng'anjo popita kumunda.
Amaima pakhomo la wosunga zida
n'kutchula chimene akufuna.
Chigawo chako chizingoti: ndipatseni chotumiza uthenga.
Chisafunse kuti wasula ndani."

Ndiye ndayamba kaundula.
Pamzere umodzi, pamene pulogalamu imadzukira,
ndikulemba: wopempha ichi, mupatseni ichi.
Kontena nayo ili ndi funso lake:
chikhale nthawi yaitali bwanji?
Sikelo ndi imodzi msika wonse, izikhala mpaka madzulo.
Thumba ndi la wogula mmodzi, akapita lapita.
Pepala la lisiti, latsopano nthawi zonse.
Ndinasokoneza ziwirizi kamodzi,
ngongole ya a Nangozo n'kupezeka m'thumba la mnzawo.

Kenaka zilembo zofiira.
Malisiti akudikira mitengo,
mitengo ikudikira malisiti,
ngolo ziwiri zakumana pakamlatho,
palibe wofuna kubwerera m'mbuyo.
Kontena sinabise, yatchula onse awiri ndi maina.
Mfundoyo inalipo chaka chonse,
ine ndinkangoidumpha.

Ndamasula. Tiyi wazizira m'kapu.
Tsopano ndapanga chotumiza chabodza,
kamthenga kopanda miyendo
kamene kamalandira kalata, n'kugwedeza mutu,
n'kuiika m'thumba.
Ndasintha mzere umodzi wokha m'kaundula.
Umodzi, osati khumi ndi anayi.

Ndadina.

Mauthenga mazana atatu atuluka
osadutsa ngakhale pawindo.
Ndatchera khutu kuphiri: agalu okha.

Chilipo chikundisowetsabe mtendere.
Kale ndinkadziwa chida chilichonse pochokera,
chifukwa chinali ndi zipsera za zala zanga.
Lero zida zikungofika m'manja,
dzanja lopereka sindiliona,
ndipo ndikadzaiwala kulemba chimodzi m'kaundula
ndidzamva pulogalamu itadzuka kale.
Ndaziona akuti uzolowera.
Kaya.

Magetsi aphethira kawiri, batire yatsala pang'ono.
Ndisunge kaye.
Uko ku Tsangano a Phungwako ali m'bulangete,
foni ili phee pansi pa pilo,
sakudziwa kuti usiku uno ndawalipira kasanu
ndalama zopanda pake
osawadzutsa.